Poliyo si ufiti, ndipo bala lake silithera m'mwendo

Mwana akadzuka m'mawa mwendo uli lende, osatha kuponda pansi, zala zimayamba kuloza: mwina ndi agogo a kuseli uko, mwina mayi ake anasempha mwambo. Kwa zaka zambiri poliyo yakhala ikumasuliridwa motero.

Chimene chimayambitsa ndi kachilombo kolowera pakamwa, kudzera m'madzi kapena chakudya chokhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Ambiri akakatenga sadziwa n'komwe. Pafupifupi mmodzi mwa 200 ndiye amapuwala mpaka kalekale. N'chifukwa chake mwana mmodzi amagwa anzake onse akuthamanga, ndipo nkhani ya ufiti imapezera malo pamenepo.

Mankhwala ochiza palibe, koma katemera alipo. Wa jakisoni wa Jonas Salk anatuluka mu 1955, kenako kunabwera wa madontho wa Albert Sabin, uja ana amamukwinyira nkhope. Mu 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo yachilengedwe, koma mu February 2022 mwana wina ku Lilongwe anapezeka nayo. Ataunika, kachilomboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Mfiti ya pamudzi ikanakatenga kuti?

Chimene timaiwala ndi maganizo a wodwalayo. Mwana wokhala pakhonde anzake akumenya mpira wachikulunga amakula akudziona ngati mtolo, mayi ake akudziimba mlandu. Ena amafookanso minofu patapita zaka zambiri, n'kumaopa kuti awalodzanso. Ndodo ndi zitsulo za m'miyendo zimathandiza, koma banjalo limafunikanso phungu woti akhale nalo pansi, aliuze kuti palibe amene analakwa.