Vakabu: lamulo la atsamunda lomwe linatsalira m'misewu yathu

Aliyense amene anakulira m'tauni kuno ku Malawi amalidziwa liwu loti vakabu. Makolo ankatichenjeza nalo dzuwa likamalowa: "Usachedwe, akugwira vakabu." Tinkaliopa osadziwa kuti ndi lamulo lolembedwa, lokhala ndi gawo lake m'buku la milandu, ndiponso kuti silinabadwire kuno.

Gwero lake lili ku England, komwe mu 1824 anakhazikitsa lamulo lothana ndi anthu oyendayenda, opemphapempha ndi ogona panja. Atsamunda analitengera m'maiko ambiri omwe ankalamulira. Ku Nyasaland polisi inakhazikitsidwa mu 1921, likulu lake ku Zomba, ndipo buku la malamulo a milandu litayamba kugwira ntchito mu 1930, vakabu inali momwemo. M'masiku a msonkho wa nyumba ndi thangata, munthu wakuda wopezeka m'tauni popanda bwana womugwirira ntchito ankaoneka wokayikitsa. Ufulu unabwera mu 1964, matipate ambiri anabwerera mu 1994, koma gawo 184 la bukuli, lomwe ndi la vakabu, silinasunthe.

Ndime 184(1)(c) ya gawoli inkati munthu wopezeka pamsewu kapena pamalo ena alionse a anthu onse, pa nthawi ndi m'njira yopangitsa kuganiza kuti ali ndi cholinga choipa, ndi wolakwa. Taonani bwino pamenepa. Sipankafunika kuti wina waberedwa kapena wamenyedwa. Maganizo a wapolisi ndiwo anali umboni. Ndipo wodutsa pa galimoto pakati pa usiku ankapita bwinobwino, pomwe ogwidwa anali oyenda pansi: mlonda wochokera kuntchito, mayi wokapikula tomato m'mamawa, mnyamata wa ganyu, amayi oyendayenda, ana a m'misewu. Akagona m'chitokosi masiku angapo, ambiri ankangovomera mlandu kukhoti n'kulipira chindapusa, kuti abwerere kwa ana awo.

Amene anakana kuvomera anali Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre. Mu Marichi 2015 analawirira kusanache, majumbo ali m'manja, ulendo wa ku msika wa Limbe. Apolisi anamuimitsa panjira, anafotokoza komwe amapita, koma anamutsekera ndithu. Ndimaganizira kwambiri za majumbo amenewo. Katundu yemwe akanayenera kumuchitira umboni kuti ndi munthu wodzisakira chakudya anali poonekeratu, koma lamulo silinkafuna kuti wapolisi awayang'ane. Mothandizidwa ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu a CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre, nkhani yake inafika ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo pa 10 Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime 184(1)(c) ikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, chifukwa imanyazitsa munthu, imasala osauka, komanso imapereka mphamvu zopanda malire kwa womanga.

Chizolowezi sichinafe tsiku lomwelo. Apolisi anapitiriza kusesa, monga amanenera okha, kutanthauza kulowa pamalo usiku n'kunyamula aliyense wopezekapo, makamaka nyengo ya Khirisimasi ikamayandikira. Mu 2018 ku Kasungu anasesa anthu pamalo omwera mowa, ena mwa iwo ali pantchito yawo, n'kuwatsegulira mlandu pogwiritsa ntchito ndime ina ya gawo lomwelo. Mu 2022 bwalo lalikulu ku Zomba, pansi pa woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti kumanga anthu mwachisawawa koteroko n'kosaloledwa. Nalo bwalo la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe lili ku Arusha, linali litanena kale mu Disembala 2020 kuti malamulo a mtunduwu sagwirizana ndi pangano la maiko a Africa la ufulu wa anthu.

Sindikunyoza mantha a anthu amene amaikira kumbuyo vakabu. Amene anathyoleredwa nyumba ndi achifwamba a zikwanje amafuna kumva galimoto ya polisi ikudutsa usiku, ndipo ali ndi chifukwa. N'chifukwa chake m'madera ambiri anthu amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti alipire achitetezo cha m'mudzi, oyenda ndi mawezulo ndi zibonga. Koma kugwira wakuba kumafuna kufufuza, kumafuna mboni, ndipo mboni zimenezo ndi anthu omwewo oyenda usiku. Mlonda ndiye amaona amene wadumpha mpanda. Mayi wa tomato ndiye amakumana ndi osenza katundu wakuba m'bandakucha. Munthu amene anagonekedwapo pa simenti ya m'chitokosi popanda chifukwa, akaona zoterezi amatseka pakamwa, ndipo akaona nyali za galimoto ya polisi patali amakhotera m'kanjira ka kuseri kwa nyumba.