Posamutsa thanki la madzi amchere, samalani miyala kuposa madzi

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva oweta nsomba ndi makorali (tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati zomera kapena miyala) m'mathanki a madzi amchere akubwereza mawu amodzimodzi: posamuka nyamulani madzi onse akale, apo ayi mabakiteriya abwino atha, nsomba n'kufa. Zafika ponditopetsa, chifukwa sizoona.

Mabakiteriya amene amasandutsa amoniya (poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba) kukhala nitrite (poizoninso), kenako nitrate (wosaopsa kwambiri), ambiri sayandama m'madzi. Amamatirira pamiyala, mumchenga ndi m'masiponji a fyuluta. Choncho miyala ikhale yomira m'ndowa ulendo wonse, isaume. Madzi akale ali ndi ntchito yake ndithu, yonyamuliramo nsomba ndi makorali, koma odzadzira thanki mungasakanize atsopano, bola mchere ufanane (pafupifupi magalamu 35 pa lita) ndipo kutentha kukhale madigiri 24 mpaka 26.

Choopsa chimene ambiri amachiiwala chili pansi. Mchenga wakuya ukavundulidwa ungatulutse mpweya wonunkha ngati dzira lowola, womwe ndi poizoni kwa nsomba. Tsukani mchengawo bwinobwino kapena thirani wina. Thanki nalonso lisanyamulidwe lili ndi madzi: malita 200 amapitirira makilogalamu 200, ndipo magalasi angalekane molumikizira.

Musangokhulupirira ine, ndiponso musafalitse zongomva musanatsimikize. Taganizirani: eni mathanki amasintha madzi kawirikawiri, mabakiteriya osatha. Mukasamuka, yezani amoniya ndi nitrite tsiku lililonse kwa sabata yoyamba, n'kumalemba zotsatira. Zikakwera, chepetsani chakudya ndi kusinthako madzi.