Ku England, kuphunzitsa mwana kunyumba si mlandu

Ndatopa nayo mphekesera iyi, yakhala ikuzungulira pakati pa Amalawi kwa zaka zambiri: akuti ku England ukamaphunzitsa mwana wako pakhomo, umangidwa. Si zoona ayi.

Gawo 7 la lamulo la maphunziro lotchedwa Education Act 1996 limalamula kholo kuonetsetsa kuti mwana akulandira maphunziro okwanira, kaya kusukulu kaya mwanjira ina. Chimasokoneza anthu n'chakuti mwana amene dzina lake lili m'kaundula wa sukulu akamajomba, makolo amalipitsidwa chindapusa. Wophunzira patebulo la kunyumba amathanso kulemba mayeso a GCSE (mayeso a ku sekondale amene ana amalemba ali ndi zaka pafupifupi 16), kungoti ndalama yake imachoka m'thumba la makolo, ndipotu si yochepa.

Uthenga wotere ukakufikani pa WhatsApp, chonde musafulumire kuutumiza. Fufuzani lamulolo pa intaneti, muwerenge nokha gawolo, kapena funsani kukhonsolo ya m'dera lanu.