Ndalama za matenda kapena za uchembere: zimene mayi wogwira ntchito ku Britain ayenera kudziwa mwana asanabadwe

Amayi oyembekezera amene akugwira ntchito ku Britain, makamaka m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'zipatala kumene anthu akwathu ambiri analembedwa ntchito, amafika pa nthawi yoti thupi likukana, msana ukupweteka kapena mseru sukuleka, ndipo amayamba kudzifunsa ngati nkwabwino kupita ku tchuthi cha matenda kapena kungoyambiratu tchuthi cha uchembere. Ambiri amaganiza kuti adzasankha mwana akabadwa. Koma mwana akabadwa lamulo limakhala litakusankhirani kale, ndipo mpata weniweni wosankha umapezeka pakati pakadali pa miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, nthawi imene ambiri sakuganiza n'komwe za ndalama.

Ndalama zake ndi zamitundu iwiri, ndipo zonse zimadzera kwa olemba ntchito. Za matenda zimatchedwa Statutory Sick Pay, mwachidule SSP, ndipo m'chaka cha msonkho cha 2025/26 zinali £118.75 pa sabata, kwa masabata osapitirira 28. Za uchembere zimatchedwa Statutory Maternity Pay, kapena SMP, ndipo zimaperekedwa kwa masabata 39: masabata 6 oyambirira mumalandira 90 peresenti ya malipiro anu a pa sabata, kenako masabata 33 otsalawo mumalandira ndalama yoikidwa ndi boma, imene mu 2025/26 inali £187.18 pa sabata, kapena 90 peresenti yomweyo ngati ili yocheperapo. Tchuthi chenichenicho chimatha kufika masabata 52, kutanthauza kuti masabata 13 omaliza alibe malipiro. Ziwerengerozi zimasintha mwezi wa April chaka chilichonse, choncho muziona zatsopano pa GOV.UK, tsamba la pa intaneti la boma la Britain. Amene anazolowera lamulo la ntchito la ku Malawi la mu 2000, limene limapatsa mayi masabata 8 a malipiro athunthu, adzaona kuti tchuthi cha ku Britain nchachitali koma ndalama zake zimatsika kwambiri pakangotha mwezi ndi theka.

Pamene amayi ambiri amatayira ndalama ndi pa kawerengedwe ka SMP. Kuti muyenere kulandira, muyenera kukhala mutagwira ntchito kwa abwana omwewo masabata 26 mosadukiza pofika sabata la nambala 15 tsiku loyembekezera kuchira lisanafike. Kuchuluka kwa ndalamazo kumachokera pa zimene munalandira m'masabata 8, kapena miyezi iwiri kwa olandira pa mwezi, ofika pa sabata limenelo, ndiye kuti pafupifupi kuyambira sabata la 17 mpaka la 25 la pakati. Owerengera sayang'ana zimene zinalembedwa m'kontrakiti yanu. Amayang'ana zimene munalipidwadi. Tiyerekeze mayi amene amalandira £500 pa sabata. Akagwira ntchito masabata onse 8, adzalandira £450 pa sabata kwa masabata 6 oyambirira a tchuthi. Koma akadwala masabata 4 mwa 8 aja nkumalandira SSP yokha, malipiro ake owerengedwa amatsikira pafupi ndi £309 pa sabata, 90 peresenti yake nkukhala pafupi ndi £278, ndipo pa masabata 6 aja amataya ndalama zopitirira £1,000. Choipitsitsa chimachitika akadwala masabata onse 8, chifukwa SSP ya £118.75 inali yosafika pa malire a £125 pa sabata amene ankafunika m'chaka chimenecho, ndipo mayiyo sakanayenera kulandira SMP nkomwe.

Sindikunena kuti mayi wodwala azidzikakamiza kunyamula odwala anzake pofuna kuteteza ndalama, ayi ndithu. Mseru woopsa wosalekeza, kutaya magazi kapena kuthamanga kwa magazi ndi zinthu zofunika chipatala msanga, ndipo moyo wa mayi ndi mwana suyerekezedwa ndi £1,000. Chimene ndikunena nchakuti tchuthi cha matenda si njira yokhayo imene ilipo. Masiku a tchuthi cha pachaka amalipidwa mokwanira, ndipo mayi amene akungofuna kupuma angawatenge m'masabata ovutawo osatsitsa malipiro ake. Chachikulu koposa nchakuti mukawadziwitsa abwana mwa kalata kuti ndinu woyembekezera, lamulo limawakakamiza kuunika zoopsa za pa ntchito yanu. Ngati vuto lili pa ntchitoyo, monga kunyamula anthu, kuima nthawi yaitali kapena mashifiti a usiku amene dokotala kapena mzamba waletsa, ayenera kusintha kagwiridwe ka ntchito kapena maola, zikakanika akupatseni ntchito ina yoyenera pa malipiro omwewo, ndipo zikakanikanso akupumitseni kunyumba akukulipirani malipiro athunthu. Nkulakwa kuti abwana auze mayi amene sakudwala kuti akatenge kalata ya dokotala, pamene chovuta ndi ntchito imene iwo akulephera kuikonza. Lamulo la Equality Act la mu 2010 limaletsanso kuchitira mayi nkhanza kapena kumuchotsa ntchito chifukwa cha matenda obwera ndi pakati.

Mpata wachiwiri uli chakumapeto. Tchuthi cha uchembere mungachiyambe pakatsala masabata 11, koma palibe amene angakukakamizeni kuchiyamba msanga chifukwa choti mukudwala, kufikira patatsala masabata 4 sabata loyembekezera kuchira lisanafike. Mukajomba ngakhale tsiku limodzi m'masabata 4 omalizawo chifukwa cha matenda okhudzana ndi pakati, abwana ali ndi ufulu woyambitsa tchuthi ndi SMP tsiku lotsatira. Matenda osakhudzana ndi pakati, monga chimfine kapena kuthyoka mkono, sayambitsa tchuthi, nchifukwa chake zimene zalembedwa pa kalata ya dokotala ziyenera kukhala zoona ndi zomveka bwino. Kwa mayi amene wayamba kudwala pakatsala masabata 10, kusankha kuli motere: SSP ndi yochepa poyerekeza ndi SMP, koma sabata lililonse limene wakhala pa SSP ndi sabata limene walisungira nthawi yokhala ndi khanda. Ogwira ntchito mu NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma, amene kontrakiti yawo imalipira malipiro athunthu kwa nthawi ina akadwala, kawirikawiri amapindula akakhala pa tchuthi cha matenda mpaka lamulo litawasuntha lokha. Amene ali m'makampani olipira SSP yokha ayenera kuwerengera lendi ndi mabilu a miyezi imeneyo asanasankhe.

Mwana akabadwa nkhani imafupika. Mkati mwa masabata 39 a SMP simungalandire SSP, ngakhale mutachitidwa opaleshoni kapena mutadwala matenda a maganizo obwera pambuyo pochira. Mukabwerera ku ntchito msanga, mutapereka chidziwitso cha masabata 8 monga lamulo likufunira, kenako nkudwala masabata 39 aja asanathe, zimene mumalandira ndi SMP yomweyo. Kusiyana kumakhalapo kokha ngati kontrakiti yanu ili ndi malipiro akeake a matenda oposa a boma, ndipo apa ndikulangiza kuti mufunse kaye a bungwe lanu la ogwira ntchito, a ACAS (bungwe lolangiza pa nkhani za ntchito) kapena a Maternity Action (bungwe lothandiza amayi oyembekezera) musanadule tchuthi, chifukwa tchuthi cha uchembere mukachidula sichibwereranso. Bambo ali ndi masabata 2 a tchuthi chake, ndipo kuyambira mu 2015 makolo oyenerera angagawane masabata otsala a mayi, koma zimenezi zimatheka mayi akavomera kufupikitsa ake.

Mayi amene abwana amukaniza SMP ayenera kupatsidwa fomu ya SMP1 yofotokoza chifukwa chake, imene amaitumiza pamodzi ndi satifiketi yotsimikizira pakati ya MATB1 yochokera kwa mzamba kapena dokotala popempha ku boma ndalama ina ya uchembere yotchedwa Maternity Allowance. Ndalama imeneyi imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito masabata 26 mwa masabata 66 sabata loyembekezera kuchira lisanafike, ngakhale kwa mabwana osiyanasiyana, ndipo mumasankha nokha masabata 13 amene munalandira zambiri, choncho matenda sakuwonongerani chiwerengero. Imaperekedwanso kwa masabata 39, kungoti ilibe masabata 6 aja a 90 peresenti yopanda malire.

Ambiri amene ali pa viza ya ntchito yoletsa kulandira thandizo la boma amaopa kupempha ndalama zimenezi poganiza kuti ziwawonongera mapepala. SSP, SMP ndi Maternity Allowance sizili m'gulu loletsedwalo, chifukwa zimachokera pa ntchito imene munagwira. Zoletsedwa ndi monga Universal Credit (thandizo la opeza zochepa) ndi Child Benefit (thandizo lolerera ana), ndipo zimenezo musazipemphe musanalankhule ndi mlangizi wovomerezeka wa nkhani za maviza.