Chimene chimamaliza makala pophika nyemba

Kuti timvetse chimene chimamaliza makala pophika nyemba, tiyambe ndi momwe madzi amaphwera. Sanitaiza amauma m'manja musanamalize n'kupaka komwe, pomwe madzi amachedwa. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi owira iphwe yonse n'kusanduka nthunzi, pamafunika mphamvu ya kutentha yokwana ma kilojoule (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 2,260. Ethanol, yemwe ali mu sanitaiza ndi m'kachasu, amafuna pafupifupi 840, ndipo acetone wochotsera utoto wa m'zikhadabo amafuna 520 basi.

Gwero la kusiyanaku ndi momwe mamolekyulu, tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga zinthuzi, amagwiranirana. Molekyulu ya madzi ili ndi okosijeni mmodzi ndi mahaidrojeni awiri. Okosijeniyo ndi wadyera, amakokera ma electron, tinthu ta magetsi timene amagawana ndi haidrojeni, kumbali yake, haidrojeni n'kutsala woperewera. Zikatero haidrojeniyo amakakamira kwa okosijeni wa molekyulu yoyandikana nayo. Kugwirana kumeneku ndiko asayansi amati hydrogen bond. Molekyulu imodzi ya madzi itha kugwirana ndi zinzake mpaka zinayi nthawi imodzi. Ethanol ali ndi haidrojeni mmodzi yekha wokhoza kugwira motere, acetone alibe ndi mmodzi yemwe. Komanso mamolekyulu a madzi ndi opepuka, choncho mu kilogalamu amakhalamo ochuluka zedi, onse ofunika kuwalekanitsa.

Pano ophunzira ambiri amasokonezeka. Kuwira sikuswa molekyulu ayi. Nthunzi ndi mamolekyulu a madzi (H₂O) omwewo, chimene moto wadula ndi kugwirana kwa molekyulu ndi inzake.

Umboni wa mphamvu ya kugwiranaku umene ine ndimaukhulupirira kwambiri ndi hydrogen sulfide, mpweya wonunkha mazira ovunda uja. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka madzi, ndipo molekyulu yake ndi yolemera kuposa ya madzi, koma popeza mamolekyulu ake sagwirana motere amawira pa madigiri 60 kunsi kwa ziro.

Tibwere pa mbaula. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 25 kufika pa 100 kumadya ma kilojoule pafupifupi 315. Kuwaphwetsa madzi omwewo kumadya kasanu ndi kawiri kuposa apo. Madzi akawira satenthanso kupitirira pamenepo ngakhale mukupize moto chotani, choncho poto wobwadamuka sapsetsa nyemba msanga kuposa wowira pang'onopang'ono. Makala owonjezerawo amangopita ndi nthunzi. Mukavundikira, nthunzi ina imasandukanso madzi pa chivundikiro n'kugwera mu poto momwemo, ndipo moto wochepa umakwanira kuti nyemba zizingowirabe mpaka zitafewa.