Amayi atatu a ku Duarte ndi belu la Rotary

Sabata yathayi mnzanga wina anandiitana ngati mlendo ku msonkhano wa kalabu yawo ya Rotary, uja wa madzulo anthu akaweruka, ndipo amene anaimba belu lotsegulira anali mayi, tcheni cha upulezidenti chili m'khosi. Palibe amene anatembenuka kapena kudabwa. Koma itakwana nthawi ya fellowship, anthu atagwira zakumwa ndi masamusa, bambo wina wachikulire amene tinakhala tebulo limodzi anandiuza motsitsa mawu kuti, "mwanawe, kale kunalibe zimenezi, azimayi ankangobwera tsiku la dinner ataperekeza amuna awo basi." Sananene mokwiya ayi, ankangokumbuka. Mtsikana wina amene walowa kumene anamva ndipo anakana, akuti Rotary singakhale kuti inkaletsa azimayi, bungwe lothandiza anthu lingatero bwanji? Anakangana pang'ono mwaulemu. Bambo aja ndi amene ankanena zoona, ndipo popeza chaka cha 2027 pa 4 May padzakwana zaka 40 chigamulireni mlandu umene unasintha zonsezi, ndati ndiilembe nkhaniyi poti ambiri amene amavala kapini kaja pa jekete saidziwa.

Chiyambi chake ndingodutsapo. Pa 23 February 1905 ku Chicago loya wina dzina lake Paul Harris anakumana ndi anzake atatu, Silvester Schiele, Gustavus Loehr ndi Hiram Shorey, cholinga chinali kupeza abwenzi mu mzinda waukulu komanso kumagulana malonda. Ankasinthana maofesi okumaniramo, lero kwa uyu sabata yamawa kwa uyo, ndiye kumene kunachokera dzina loti Rotary, liwu la Chingelezi lonena za kuzungulira. Zothandiza anthu zinabwera pambuyo, ndipo imodzi mwa ntchito zawo zoyambirira inali yoti mu mzindamo mumangidwe zimbudzi za aliyense. Lamulo linali loti membala akhale mwamuna, ndipo pa ntchito iliyonse ankatengapo munthu mmodzi, dokotala mmodzi, loya mmodzi, wa banki mmodzi, chonchotu. Akazi awo ankawatchula kuti ma Rotary Ann, ndipo ku Manchester mu 1924 Margarette Golding anayambitsa Inner Wheel, gulu la akazi a mamembala. Ntchito ankagwira, ndalama ankasonkha, koma voti analibe.

Chimene anthu ambiri sachiyembekezera nchoti oyamba kupempha kuti liwu loti "mwamuna" lichotsedwe m'malamulo sanali a ku America. Zolemba za Rotary yeniyeniyo zimati mu 1950 inali kalabu ya ku India, mu 1964 ya ku Ceylon, dziko lija pano timati Sri Lanka. Zonse zinakanika. Musaiwale mfundo imeneyi, ibweranso.

Tsopano Duarte. Ndi katauni kakang'ono m'dera la Los Angeles ku California, kalabu yake inali yaing'ono ndipo mamembala ankachepachepa. Mu 1977, chaka chimene inkakwanitsa zaka 25, inalandira amayi atatu: Donna Bogart, Mary Lou Elliott ndi Rosemary Freitag. Sanali anthu ochita kuwatola pamsewu kuti adzayambitse mlandu, anali anthu a ntchito zawo m'deramo, ena mwa iwo oyendetsa sukulu, ndendende mtundu wa anthu amene Rotary imati ikufuna. Likulu ku Evanston litamva linalamula kuti achotsedwe. Azibambo a ku Duarte anakana. Apa mpamene ine ndimaima nkuganiza, chifukwa njira yophweka inalipo, kungowauza amayiwo kuti pepani, muzibwerabe ngati alendo, nkhani nkutha. Sanatero. Mu March 1978 likulu linawalanda chikalata chawo, kutanthauza kuti sanalinso a Rotary, ndipo iwo anangowonjezera kachilembo kutsogolo kwa dzina nkumadzitchula kuti Ex-Rotary Club of Duarte, nkupitiriza kukumana sabata ndi sabata ngati kale, nkukasuma kukhoti.

Anadalira lamulo la ku California lotchedwa Unruh Civil Rights Act, limene limaletsa malo a bizinesi kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna, mtundu wake, chipembedzo ndi zina. Ndiye funso lonse linali apa: kodi kalabu ya Rotary ndi gulu la anthu ocheza okha, ngati mmene anzako amabwerera kudzacheza pakhonde pako, kapena ndi malo amene bizinesi imayendera? Khoti loyamba mu 1983 linati likulu silinalakwe. Khoti la apilo mu 1986 linatembenuza, linati phindu la bizinesi limene mamembala amapeza si laling'ono, ndipo linaona kuti ambiri ndalama ya umembala amawalipirira ndi makampani awo kapena amaichotsera pa msonkho ngati ndalama ya ntchito. Kunena zoona aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wotere amadziwa, pakati pa kuseka ndi kukambirana za mjigo wa kumudzi anthu amapatsananso manambala a foni, ndipo amene watsekeredwa panja amaphonya zimenezo.

Koma ndisawapondereze a likulu, mfundo zawo zinalipo ndipo zili m'chigamulo cha khoti. Mlembi wamkulu wa nthawiyo, Herbert Pigman, anafotokoza kuti kukhala amuna okhaokha ndi mbali ya ubale umene mamembala amasangalala nawo, komanso kuti kumathandiza bungwe kugwira bwino ntchito m'maiko akunja a zikhalidwe zosiyanasiyana. Chiwerengero chimene khoti linalemba, cha mu 1982, chinali makalabu 19,788 m'maiko 157, mamembala oposa 900,000. Mantha oti chinthu chachikulu chonchi chingang'ambike sanali abodza. Ndipo ufulu woti anthu asonkhane ndi amene akufuna si nkhani yamasewera, ife a kuno amene tinakulira nthawi ya chipani chimodzi timaudziwa kulemera kwake. Chokhacho chimene chimandivuta ndi chija cha maiko akunja, chifukwa maiko akunjawo ndi ngati ifeyo, ndipo tanena kale kuti India ndi Ceylon ndi amene anayamba kupempha zaka zambiri Duarte isanaganize nkomwe.

Pa 4 May 1987 khoti lalikulu la dziko la America linagamula, majaji 7 onse mbali imodzi, awiri sanatenge nawo mbali. Mmodzi mwa awiriwo anali Sandra Day O'Connor, mayi yekhayo pa benchi nthawi imeneyo, ndipo malipoti a nthawiyo amati chifukwa chake amuna awo anali a Rotary. Choncho mlandu wa amayiwu anaugamula ndi azibambo okhaokha. Jaji Lewis Powell ndi amene analemba chigamulo, ndipo maganizo ake ndi osavuta kumva. Anati ubale umene malamulo a dziko amauteteza kwambiri ndi uja wapafupi, ngati wa m'banja, pomwe makalabu a Rotary ena ali ndi anthu osakwana 20 ena oposa 900, chaka chilichonse ena amatuluka ena amalowa, alendo amaitanidwa ku misonkhano, membala wa kalabu ina akhoza kungofika nkukhala pansi, atolankhani amaitanidwa kuti adzalembe za ntchito zawo. Ndiye simunganene kuti ndi zachinsinsi za pa banja. Anawonjezeranso kuti kulandira amayi sikuletsa cholinga chilichonse cha bungweli, mwina nkuthandiza kumene kuti anthu ogwira ntchito yothandiza ena achuluke. Njira inali italambulidwa kale mu 1984 pa mlandu wa a Jaycees, bungwe lina la ku America limene nalonso silinkalola amayi kukhala mamembala enieni, ndipo unatha chimodzimodzi.

Chaka chomwecho cha 1987 Sylvia Whitlock, mphunzitsi wamkulu wa sukulu amene anakulira ku Jamaica, anakhala pulezidenti wa kalabu ya Duarte, mayi woyamba kuimba belu ngati pulezidenti mu Rotary yonse. A Lions ndi a Kiwanis, mabungwe ena ofanana ndi Rotary, nawo anatsegula zitseko chaka chimenecho. Chigamulo chinkagwira ku America kokha, ndiye kwa ena tonsefe tsiku lenileni ndi la mu 1989, pamene msonkhano wokonza malamulo a Rotary unavota kuchotsa liwu lija padziko lonse. Pofika 1990 amayi anali atapitirira 20,000.

Mukawerenga mmene Rotary imafotokozera mbiriyi masiku ano, imaoneka ngati makwerero, chaka ichi kenako chaka icho mpaka tinafika. Sinabise kuti inalanda chikalata cha Duarte, zimenezo ndiyamikire. Koma mapepala a kukhoti ndi amene amakuonetsa kuti likulu linalimbana nawo mlanduwu mpaka kumapeto, zaka 9 zathunthu, ndi maloya ndi ndalama, pomwe bungwe lomwelo limaphunzitsa membala aliyense mafunso anayi oyesera zimene munthu amaganiza, kunena ndi kuchita, amene analemba membala wawo Herbert Taylor, lachiwiri lake lofunsa ngati chinthu chili chachilungamo kwa onse okhudzidwa. Ndipo kuchoka pa kalabu kufika pamwamba penipeni kunatenga nthawi, Jennifer Jones wa ku Windsor m'dziko la Canada anakhala pulezidenti wa Rotary International mu July 2022, patatha zaka 33 chivotereni. Wachiwiri, Stephanie Urchick, anabwera mu 2024.

Ku msonkhano kuja tisanabalalike, mayi pulezidenti anawerenga maina a amene apite Loweruka kukapereka mabuku ndi madesiki ku sukulu ina ya pulayimale, nkufunsa kuti ndani ali ndi galimoto yoti inyamule katundu. Bambo achikulire aja ndi amene anakweza dzanja koyamba, anati pikapu yawo ilipo ndipo mafuta athira okha. Mtsikana uja analemba dzina lawo m'kope, mayi aja anaimba belu, tinanyamuka.