Kabowa kamodzi, mayina asanu: ndani kwenikweni amakhala m'mizu ya mitengo ya Erica?

Amene munakwerako phiri la Mulanje kapena kufika ku Nyika mukudziwa timitengo tija ta masamba ngati singano, tomera pamiyala pomwe dothi lake ndi lakuda, lonyowa, la asidi wambiri moti chimanga sichingayerekeze nkomwe. Amenewo ndi ma Erica, abale ake a blueberry, cranberry, rhododendron ndi heather wa ku Scotland. Ku Cape, South Africa, kokha kuli mitundu ya Erica pafupifupi 700. Ndiye funso lomwe ife a za nthaka timafunsa ndi lakuti, akudya chani pamalo ouma mtima chonchi?

Yankho lili kumizu. Mukazula kamtengoka mosamala nkutsuka, mupeza timizu tating'ono kuposa tsitsi la munthu, timaduka mukangotikoka pang'ono. Kulabu timatiwiritsa m'mankhwala kuti tiyere, kenako timathira utoto wa buluu nkuika pa maikulosikopu. Apo mumaona ma selo akunja kwa muzu atadzaza ndi ulusi wopotanapotana ngati nkhata, selo ili nkhata yake, loyandikana nalo yakenso, ena alibe kanthu. Ulusiwo ndi bowa wamoyo. Amatuluka kunja kukagaya masamba ofota omwe sanawole bwino, kuchotsamo naitrojeni ndi fosifolasi nkupatsa mtengo, mtengowo nkumubwezera shuga. Mgwirizano wa bowa ndi mizu si wachilendo kwa ife, manyame ndi ndelema timakazula m'nkhalango za miombo osati m'munda chifukwa chomwecho, kungoti bowa wa m'miombo uja amakuta muzu kunja ngati sokosi pomwe wa ma Erica uyu amalowa mkati mwenimweni mwa selo, komanso satulutsa bowa woti mungaike mu lichero.

Chomwe chavutitsa anthu zaka zoposa 100 ndi dzina lake. Mu 1915 mayi wina wasayansi ku Britain, M. C. Rayner, ananena kuti ndi bowa wa mtundu wa Phoma ndipo amayenda mu mtengo wonse mpaka kulowa m'njere. Anthu anakhulupirira kwa nthawi yaitali, koma ena atayesa anapeza kuti njere zimamera bwinobwino popanda bowayo. Zinthu zinadzaongoka ku yunivesite ya Sheffield, komwe David Read anachotsa bowa m'mizu ya heather, kumumeretsa payekha, kumubwezeranso ku mbande zopanda kachilombo kalikonse nkuona nkhata zija zikupangika. Mu 1974 anamutcha Pezizella ericae. Mu 1983 anasanduka Hymenoscyphus ericae, 2004 Rhizoscyphus ericae, 2006 Pezoloma ericae, ndipo mu 2019 kafukufuku wa DNA anaonetsa kuti ndi yemweyo amene anali atatchulidwa kalekale pa tizomera ta m'malo a chinyezi tofanana ndi ndere, ndiye pano ndi Hyaloscypha hepaticicola. Bowa yemweyu anapezekanso m'tizomera totere ku Antarctica, tangoganizani.

Ine sindidandaula ndi kusintha kwa mayinaku, ngakhale kumasokoneza ophunzira, chifukwa kulikonse kunabwera anthu atadziwa china chatsopano. Chondidetsa nkhawa ndi china. Kwa zaka zambiri timaganiza kuti nkhani yonse ndi ya bowa mmodziyu ndi mnzake Oidiodendron maius, chifukwa ndi amene amamera msanga mukaika kachidutswa ka muzu m'mbale ya kulabu. Koma amene wamera m'mbale sikuti ndiye mwini nyumba ayi. Ofufuza ku Canada atayamba kuwerenga DNA kuchokera m'mizu yeniyeni ya chomera chotchedwa salal pa chilumba cha Vancouver, cha m'ma 2002, anapeza kuti mwadzaza gulu lina la bowa lotchedwa Sebacinales lomwe m'mbale silimaoneka nkomwe. Ku Australia anapezanso wina, Cairneyella, ku Norway winanso amene amakuta muzu kunja uku akulowanso mkati. Kamuzu kamodzi kakhoza kukhala ndi mitundu ingapo nthawi imodzi.

DNA nayo ili ndi malire ake, imangokuuzani kuti uje analipo, sikuuzani ngati amadyetsa mtengo kapena amangogona pamenepo kapena amadikira muzu ufe kuti audye. Nchifukwa chake njira ija ya Read yobwezera bowa ku mbande siinathe ntchito mpaka lero.

Mwina mukuti nanga izi zitithandiza chani. Ulimi wa blueberry ukukula ku Zimbabwe, Zambia ndi South Africa, ndipo mbewuyi imafuna dothi la asidi, la pH (muyeso wa asidi) ya pakati pa 4.5 ndi 5.5. Mapaketi ambiri olembedwa mycorrhiza (dzina la mgwirizano uja wa bowa ndi mizu) omwe amagulitsidwa amakhala ndi bowa wa gulu lina, loyenera chimanga ndi nyemba, amene sagwirizana ndi mizu ya blueberry, ndiye musanatulutse ndalama werengani dzina la bowa pa paketipo, ndipo laimu musathire mwachisawawa chifukwa amachepetsa asidi m'dothi. Palinso nkhani ya migodi, mu 1981 a ku Sheffield omwewo anaonetsa kuti heather wokhala ndi bowayu amapirira kopa ndi zinki wochuluka m'dothi pomwe wopanda bowa amafa, zomwe anthu a ku Copperbelt angazimve msanga.

Zambiri zomwe ndalemba apazi zinachokera ku Ulaya, North America ndi Australia. Mizu ya ma Erica a m'mapiri a mu Africa yafufuzidwa pang'ono kwambiri poyerekeza, ndipo moto wolusa wa chaka ndi chaka pa Mulanje ukuotcha dothi lakuda lija lomwe bowayu amakhalamo. Wophunzira amene akusowa mutu wa kafukufuku, chofunika poyambira ndi chilolezo cha a zankhalango, timizu tochepa m'botolo, utoto wa buluu ndi maikulosikopu basi.